Lisiti

Katoni inafika Lachinayi, magetsi atathima.
Mnyamata wa pa njinga yamoto anati sayinani apa, bwana.
Mabotolo asanu ndi limodzi, atagona m'mapepala ong'ambang'amba,
ndi kakalata pamwamba:
"Kwa mnzanga wakale. Ulawe, ulembe. Wedisoni."

Ine si katswiri.
Zaka makumi atatu ndinkawerenga ndalama za eni
mu ofesi ina ya m'tauni, fani ikulira pamutu.
Vinyo ndinamudziwa imvi zitamera,
botolo limodzi pa mwezi, penshoni ikalowa.
Ndimalemba tsamba limodzi lokha,
n'kukalichulukitsa ku Kamwala, makope makumi anayi.
Sindilemba za zipatso zomwe sindinaziikepo mkamwa.
Ndimati uyu akununkhira masau ouma,
uyu akuwawasa ngati bwemba,
uyu ndi fumbi la Okutobala litalandira dontho loyamba.

Owerenga anga ndimawadziwa mayina.
Namwino wa usiku, mphunzitsi wa masamu wa ku Chilenje,
ndi mayi Lungu a ku Libala
amene amagula botolo limodzi pa chaka,
tsiku lomwe amuna awo anatsikira kuli chete,
ndipo amandiimitsa pa geti la tchalitchi:
chaka chino ndigule liti?

Zelipa anati mphatso sakana.
Anati waiwala kodi galimoto ya ndani
inanyamula anthu pa maliro a mwana wathu?
Sindinaiwale.
Ndi chifukwa chake katoniyo inkalemera chonchi.

Loweruka usiku ndinatsegula limodzi.
Ndinkapemphera kuti akhale woipa,
nkhani ikanaphweka.
Koma anali bwino, anthuni.
Anatsika mwaulemu, n'kusiya kafungo ka utsi ndi nthudza.
Ndinatsuka mkamwa, ndinalawanso.
Anali bwinobe.
Ndiye ndinakhala mu mdima, jenereta ya aneba ikuguguda,
ndikufunsa lilime langa:
wakoma ndi vinyoyu, kapena ngongole ya malirowo?
Lilime silinayankhe.
Linali litadya kale.

Lolemba ndinakwera minibasi ya ku Kabulonga,
katoni pa mawondo, kondakitala akufuna ndalama ya mpando wachiwiri.
Mabotolo asanu ndinawaika pa kauntala.
La chisanu ndi chimodzi, ndinati, ndamwa. Ndi zingati?

Wedisoni anavula magalasi.
Ukundiyesa wa ziphuphu, iwe?
Ine amene tinkagawana chinangwa ku sukulu?
Ndinati sindikukayikira iwe ayi,
ndikukayikira pakamwa panga.
Anaseka kuseka kosafika m'maso.
Anthu makumi anayi okha, anatero,
ukudzitenga ngati woweruza wa ku khoti lalikulu.
Mwina ananena zoona.
Ndinawerengabe makwacha mazana anayi ndi makumi awiri,
ndalama ya mankhwala a mawondo,
ndipo iye analemba lisiti
akukanikiza bolopeni mpaka pepala linabooka.

Tsamba la mwezi uno likuti:
vinyoyu ndi wabwino, koma mtengo wakwera kuposa kukoma kwake.
Wogulitsa ndi mnzanga kuyambira tili anyamata,
ndipo ndili naye ngongole yomwe si ya ndalama.
Botololi ndagula ndekha.
Muwerenge mawu anga mukudziwa zimenezi.

Amati wakutsina khutu ndi mnansi.
Sanena kuti mnansiyo amagona bwanji usiku umenewo.

Papita masabata atatu, foni ya Wedisoni sinalire.
Zelipa amandipatsa tiyi osandiyang'ana.
Lisiti ndaimata m'kope, kabowo kake kakuoneka.

Dzulo pa geti la tchalitchi
mayi Lungu anandigwira dzanja.
Ndawerenga, anatero. Uja wadula,
ndagula wa mwezi watha uja, wa masau.
Anatsegula ambulera n'kumapita,
ine ndinatsala pansi pa jakaranda
ndikusisita bondo langa.