Tsiku Lomwe Sikunachitike Kanthu

Ndimafika a Yotamu asanazimitse mbaula yawo ya ulonda,
ngolo za soya zitafola kale
kuyambira pa mphambano ya ku Santhe.
Moni woyamba sindipereka kwa munthu.
Ndimapereka kwa timagetsi tinayi tobiriwira
tophethira pa kabokosi kuseri kwa kauntala.
Tikaphethira tonse ndiye ndimatulutsa mpweya,
n'kuti, mwadzuka bwanji a Yotamu.

Chaka chatha, mwezi wa Meyi, Lachisanu,
khoswe anatitseketsa depoti.
Mmodzi yekha.
Anatafuna waya kudenga,
malo osaposa chala changa chaching'ono.
Sikelo inaleka kulankhula ndi kompyuta,
kompyuta inaleka kulankhula ndi banki,
alimi makumi asanu anakhala pa matumba awo
mpaka mthunzi wa mthethe unawoloka msewu.

Mayi Nankhoma anali ndi mwana ku chipatala cha pa boma.
Sanakalipe.
Anangondifunsa motsitsa mawu:
"Mwanawe, ndalama zangazo zakodwa pati kwenikweni,
mwina ndikazitenge ndekha?"
Ndinayang'ana kudenga.
Madzulo anagulitsa soya wawo kwa venda wa panja
pa mtengo womwe sindifuna kuutchula.

Kuyambira apo waya aliyense amayenda m'paipi.
M'kabokosi muja muli masimu awiri a makampani osiyana,
poti nsanja ziwiri sizidwala tsiku limodzi,
kapena ndinene kuti si kawirikawiri.
Mabatire ndimawayeza Lolemba lililonse
ngati ana a kusikelo,
wofooka ndimamulemba chizindikiro ndi choko.
Sola ndimaipukuta fumbi la Kasungu
lomwe limabwerera ndisanatsike n'komwe pa makwerero.
Mvula isanayambe ndimafukula chitsulo cholanda mphenzi
kuti ndione ngati dzimbiri silinachidye.
Mu dirowa ya pansi ndinabisa buku la malisiti ndi bolopeni ziwiri,
chifukwa pepala silifuna netiweki.

Ndiye kamodzi pa mwezi, masana dzuwa likuswa mtengo,
ndimathimitsa magetsi ndekha, mwadala,
kuti ndione ngati wogwirizira adzuke.
A Chimwaza amagwira pamtima.
"Iwe, chinthu chikugwira ntchito bwinobwino, umachiputiranji?"
Ndimati, bwana, ambulera timaitambasula kunja kuli ngwee
kuti tione pobooka.
Saseka.
Pakutha pa mwezi amayendetsa chala pa ndalama ya mabatire,
pa ya simu yachiwiri yomwe imangogona,
n'kufunsa kuti nanga tikulipira chiyani
poti palibe chomwe chawonongeka?

Funsolo ndimapita nalo kunyumba.
Womanga nyumba amaloza khoma lake,
telala amaloza diresi ikudutsa pa msika.
Ine ndiloze chiyani?
Mzere womwe sunaime?
Mkwiyo womwe sunabadwe?

Dzulo magetsi anathima teni koloko itangodutsa.
Chigayo cha kutsidya chinatsamwa n'kukhala chete.
Posakhalitsa nsanja imodzi nayo inagona.
Kamagetsi kachitatu kanafiira,
ndinawerenga mumtima, wani, thu, fili, folo,
kanabiriwiranso.

Esinati sanadzutse mutu, anapitiriza kung'amba malisiti.
A Chimwaza anali pa foni, akukangana za mtengo wa matumba.
Pa sikelo panali Mayi Nankhoma,
matumba asanu ndi anayi chaka chino,
mwana uja ali pambali akutafuna nzimbe.
Foni yawo inalira m'thumba la chitenje.
Anaitulutsa, anawerenga manambala milomo ikuyenda,
anawerenganso kachiwiri,
anamanga mfundo,
n'kundidutsa pakhomo osandizindikira.

Madzulo ndinatsegula kabuku kanga ka zovuta,
ndinalemba deti,
ndipo pa mzere wa nthawi yomwe ntchito inaima
ndinalemba kuti: palibe.
Ndinaliyang'ana liwulo kanthawi ndithu.
Kenako ndinakwera kudenga ndi tochi,
poti ndinamva ngati kena kake kakuyenda.