Mphanda

Pa Kamwendo magetsi abwera cha m'ma leveni usiku,
kompyuta ya kopaletivi yatsokomola n'kudzuka,
fani yake ikulira ngati njinga ya kabaza yosowa girizi.
Ino ndi nyengo ya soya.
Mlimi aliyense akafunsa pa foni mtengo wa lero
makinawa amabereka mwana,
ntchito yatsopano yophuka pa yakale,
mphanda pa nthambi.
Dzulo anabadwa zikwi zisanu ndi chimodzi.
Ena anafa asanayankhe.

Ndatsegula chifuwa cha makina, kenelo,
pomwe pamagawidwa memole,
ndipo ndapezamo kalaliki wokhulupirika mopusa.
Mwana akangobadwa, iye amatola kaundula wa kholo,
tsamba ili lili apa, ilo lili uko,
n'kukopera mzere ndi mzere,
n'kudinda paliponse: werengani, musalembe.
Katundu weniweni sakopera ayi, pamenepo anachenjera kale,
kholo ndi mwana amatapa m'nkhokwe imodzi
mpaka wina atafuna kusintha kanthu.
Koma kaundulayo!
Kutalika ngati msewu wa ku Mkanda mvula itagwa.

Kalaliki ameneyu ndikumudziwa.
Bambo anga, a Lufeyo Sakala, ankatero pa esiteti ya fodya.
Tenanti akangotsika lole
iwo ankamutsegulira buku lakelake,
kujambula mizere ndi lula mpaka tsamba lomaliza:
feteleza, chimanga, mchere, khasu.
Pakutha masiku atatu munthu uja wathawira ku Chipata,
buku latsala pa shelefu, chakudya cha chiswe.
Chala chawo chapakati chinapindika mpaka kumanda.

Ana a makinawa nawonso sakhalitsa.
Mwa khumi, asanu ndi anayi sagona n'komwe pakhomo,
amangobadwa, kuvula za kholo,
kuvala pulogalamu ina, ulendo.
Kaundula uja, wokopedwa thukuta lili kamukamu,
amang'ambidwa wina asanamuwerenge.

Ndiye ndikumuuza kalaliki: takhalani pansi, bambo.
Mwana wapaulendo mubwerekeni chipinda cha kholo,
kholo liime kaye pakhonde
mpaka iye amange zingwe za nsapato.
Wofuna kukhala, muonetseni kaundula yemweyo, agawane.
Mudzakopere tsiku lomwe adzatole cholembera,
ndipo tsamba lokhalo lomwe waloza.

Poyesa koyamba ndinaiwala kuwerenga
manja angati agwira tsamba limodzi.
Mwana potuluka anasasula denga
kholo likadali m'nyumba.
Makina anauma gwa, zilembo zoyera pa galasi lakuda.
Tsilizani, mlonda wathu, anasuzumira pa windo:
Mwaipha, achemwali?
Ndinati yakomoka chabe.
Anandithirira tiyi wa m'fulasiki mwake, wopanda shuga,
n'kubwerera kukathamangitsa agalu ku sikelo.

Mizere makumi anayi ndachotsa, khumi ndi iwiri ndalemba.
Aliyense wogwira tsamba awerengedwe polowa,
awerengedwe potuluka,
womaliza ndiye azimitse nyali.

Atambala a kwa Zulu akuyamba.
Ndayesanso: ana chikwi, kenaka zikwi khumi.
Kale kubadwa kumodzi kunkadya mamilisekondi asanu ndi anayi,
tsopano sikukwana n'imodzi yomwe.
Fani yatsitsa mawu.
Palibe adzaimbe nthungululu pa zimenezi,
ntchito yanga ikayenda bwino imaoneka ngati palibe chachitika.

Sikisi koloko, uthenga woyamba walowa,
nambala ya mayi Nasilele a ku Kapiri,
matumba asanu ndi awiri akudikira pa ngolo.
Yankho lawapeza foni asanaimangirire pa chitenje.

Lafika msanga, inde.
Koma mtengo watsikanso ndi makumi asanu pa kilo,
ndipo umenewo suli m'kenelo,
ndafufuza tsamba lililonse.