Lilime Lobwereka

Andiikira mpando kumbuyo, pafupi ndi chitseko,
pomwe mphepo ya m'mapiri a Batken imalowera.
Patebulo pali amuna khumi ndi anayi,
madzi a m'mabotolo, timbendera tiwiri,
ndi mapu atatu okanganirana malire
ngati ana a mitala pamaliro a bambo awo.

Dzina langa silili papepala.
Kwa bambo anga ndine Burul, kwa mayi anga Mohira,
muno ndine "mayi womasulira, tabwerezani."

Msilikali wa nyenyezi paphewa akuti,
"Ngalandeyo ndi yathu chiyambire makolo."
Nditola mawuwo, ndiwawolotsera m'Chitajiki.
Wa tsidya linalo akuti, "Madzi alibe pasipoti."
Ndiwabweza m'Chikirigizi osataya dontho.
Chaka chino milatho yonse adatseka ndi waya,
watsala wa pakamwa pangawu.

Za ngalandeyo palibe wondifunsa,
chonsecho ndidachapamo matewera a ana atatu.
Ndikudziwa pamene simenti idang'aluka,
pamene mtengo wa mabulosi umamwa mwakuba,
mizu dziko lino, mthunzi dziko linalo.
Ndikudziwanso kuti usiku wa Lachinayi
a Sanavbar amatsegula chotsekera madzi
ndi kiyi wa malemu amuna awo
kuti anyezi wa a Kalicha asafote kumunsi.
Ana a amayi awiriwa adalozana mfuti chaka chatha.
Wina adabwera wopanda mwendo.
Winayo adabwera yense, koma salankhula.
Izi ndazikhalira ngati nkhuku pamazira.

Mlendo wa jekete lotuwa, wochokera kumizinda yakutali
kumene amatiwerenga pagalasi la kompyuta,
watchula "chitetezo cha m'chigawo" kasanu ndi kawiri.
Ndafufuza m'malilime anga onse awiri
ndipo ndapeza la mayi anga lokha:
chitetezo ndi kugona utavula nsapato.
Ife tidagona nazo miyezi inayi,
zikalata za ana m'thumba la pulasitiki pansi pa pilo,
mpaka usiku uja denga la sukulu lidayaka
tidathawa pa lole ya malasha,
wamng'ono akundifunsa ngati mbuzi nazo zili ndi dziko.

Masana tiyi wazizira, makosi atupa mitsempha.
Wa nyenyezi uja wamenya tebulo:
"Mukakhudzanso chotsekeracho, tikumana ndi moto!"
Chipinda chonse zii.
Maso makumi awiri ndi asanu ndi atatu
kwa nthawi yoyamba atembenukira kwa ine.

Ndameza malovu.
Ndati, "Akuti za chotsekeracho n'zotentha,
tikumanenso Lolemba."

Mnyamata wolemba, amene amamva zonse ziwiri,
waimitsa cholembera m'malere.
Tayang'anana.
Kwawo n'kumunsi kwa ngalande, ndikumudziwa,
adali kuba mapichesi kwa azakhali anga.
Wawerama, walemba: Lolemba.

Kaya ndachimwa, kaya.
Adandilumbiritsa kuti ndidzakhala galasi loyera,
koma galasi silinakwirire munthu,
silinakolope magazi pakhonde la chipatala
ndi mpango wake womwe wa kumutu.

Madzulo agwirana chanza, wojambula wafika.
"Mayi, tasunthirani uko pang'ono, mukutchinga mbendera."
Ndasuntha.
Mawa nyuzi za malikulu awiri zidzati
amuna olimba mtima apatsa mtendere sabata ina.
Zinene.

Pachipata cha waya, kamsilikali ka ndevu zosamera
katembenuza chiphaso changa uku ndi uku.
"Inu kwenikweni ndinu a mbali iti?"
Kumbuyo kwake ngalande ikung'ung'udza mumdima,
lero ndi Lachinayi,
ndipo ndikumva, kapena ndikungofuna kumva,
kachitsulo kakulira kumtunda,
kiyi akutembenuka m'dzimbiri.

"Mwanawe," ndatero m'chilankhulo cha mayi ake,
"manga batani lapakhosilo, kukuzizira."
Kamanga.
Kandibwezera chiphaso.
Kunyumba ndikavula nsapato imodzi,
inayo ndidikira Lolemba.