Kabokosi ka a Nkhuwa

Kamalemera ngati theka la njerwa.
Utoto unasupuka m'makona monse,
pambali pali dzina lozokotedwa ndi msomali, NKHUWA,
chilembo chomaliza chopendama ngati woledzera.
Anandipatsa ku Chilenje, kuseri kwa holo,
chaka chimene maso awo anayamba kuchita nkhungu.
Anati, "Aka sikadya batire, sikapempha magetsi.
Ukakataya, usadzabwere kumaliro anga."

Lero ndili ku Matero, ukwati wa anthu osawadziwa.
Tenti yoyera, fumbi la Okutobala,
jenereta ikutsokomola kuseri kwa mpanda.
Tikambenji watsika minibasi mochedwa,
gitala ya besi ataibereka ngati mwana,
ndipo osandifunsa walumikiza waya wake ku mikisa.
Pomwepo masipika onse ayamba kung'ung'udza,
njuchi zosaoneka, mng'oma wathunthu m'tenti.
Ankhoswe andiyang'ana.
Amayi a mkwati andiyang'ana kuyambira kunsapato.
Kamwana kena katseka makutu.

Ndagwada pafumbi ndi buluku langa la pa Sabata.
Waya wa besi ndaulowetsa mbali iyi,
mbali inayo chingwe cha mano atatu,
chachitali, mamita makumi atatu,
chokwawa pansi pa mipando, kulambalala makireti a zakumwa
mpaka pa tebulo langa la mwendo wofupika.
Njuchi zachepa koma sizinasamuke.
Ndiye ndakankha kabatani kaja
kamene kamadula njira ya pansi,
basi, zii.
Mpaka ndamva supuni ikugwa kwa ophika.

Kale ndinakatsegulapo mobisa,
a Nkhuwa atapita ku Kamwala kukasaka mafyuzi.
Ndinkayembekeza kupeza tauni ya timawaya ndi tinyale.
Ndinapeza kachitsulo kamodzi
ndi mipukutu iwiri ya mkuwa wowonda ngati tsitsi,
wina wokulungidwa kambirimbiri, wina pang'ono chabe,
yogona moyandikana koma yosakhudzana.
Madzulo ndinaulula, ndinafunsa,
nanga mawu amawoloka bwanji popanda mlatho?
Anaseka mpaka misozi.
"Iwe ndi bambo ako ku Katete mumakhudzana?
Zaka zingati tsopano osapatsana moni?
Komatu ukaseka ndimamva iwowo."
Ndinakwiya. Ndinamanga masikuluwu mothina kwambiri,
limodzi linaphwanyika mutu, lilipobe chomwecho.

Kamatsitsa mawu, zimenezo n'zoona.
Amafika kwa ine atawerama
ngati mlendo wolowa pakhomo lalifupi,
koma amafika onse, osataya katundu panjira.
Ine ndimangowadzutsa ndi chala chimodzi.

Tikambenji wagunda chingwe chachikulu chija,
ndipo pansi pa tenti payankha.
Azakhali avula nsapato zazitali,
zitenje zamangidwa m'chiuno, fumbi lakwera kudenga,
mkwatibwi waiwala kuti amayenera kuchita manyazi.
Munthu wina waika botolo lake pakabokosi,
akuyesa ndi kampando ka mabotolo.
Ndakwawa pakati pa miyendo kukalichotsa,
chidendene cha wina chandiponda chala.

Wotsogolera mwambo wathokoza ophika,
wathokoza a tenti, a maluwa, a keke,
ngakhale mwini galimoto yobwereka.
Ife awiri ayi.
A Nkhuwa ankati ntchito yathu ikayenda bwino
palibe amadziwa kuti tinabwera.

Usiku ndapinda zingwe pachigongono,
ndakapukuta ndi malaya, ndakalowetsa m'sokosi yakale.
Malipiro aperewera makwacha makumi asanu,
akuti ndidzatenge Lachiwiri.
Pasiteji minibasi ikudikira kudzaza.
Ndaimbira a Nkhuwa, sagona msanga masiku ano.
"Njuchi zinabwera?"
Zinabwera, ndatero, ndazithamangitsa.
"Osati iwe," akutero, "kabokosi."

Pansi pa dzina lawo mufoni muli nambala ya ku Katete.
Ndaiyang'ana mpaka kondakitala wamenya chitseko.
Kabokosi kali pamiyendo panga, kofundabe ndi dzuwa la masana.