Kuseri kwa Mphumi

Felizimina, mwana wa mlongo wanga,
anabwera kuchokera ku Tete ndi mabuku a unamwino
n'kundijambulira ubongo kuseri kwa lisiti la feteleza.
Unkaoneka ngati matumbo a mbuzi m'mbale.

"Malume, apa," anagogoda ndi cholembera,
"m'kati muno, kuseri kwa mphumi,
muli kachigawo kamene kamagalamuka
mukachita chomwe thupi likukana.
Mitsempha yake ili ngati njira ya kudimba:
mukamapondamo imatakasuka,
mukaisiya udzu umaimeza."

Ndinaseka.
Ine wodzuka nkhuku zisanatsike,
Juni ataumitsa mame pa tsekera,
kumanga matumba atatu a kachewere pa njinga
n'kukankha chitunda chonse cha kwathu
mpaka pamsika wa Ulongwe?
Ndiye kuti kanga kafika pa dzungu!

"Ayi," anatero. "Chitundacho munachizolowera.
Miyendo imakwera yokha, mutu uli m'tulo.
Chimene mumachizemba n'chiti?"

Sindinayankhe.
Ndinangotembenuza lisiti lija
mbali ya zilembo,
pomwe chala changa chachikulu chinasiya banga la inki.

Lolemba masana ndinapita.
Sukulu ya kwacha, kuseri kwa tchalitchi,
benchi lalifupi, maondo kufika pachifuwa.
Pensulo n'kamtengo chabe
koma inanditulutsa thukuta lomwe matumba sanalionepo.
Z wa dzina langa anagwa chagada katatu.
Mayi wina anabisa phwete m'chitenje.
Mtima unati: Zakeyu, nyamuka,
kabichi akufota kudimba.
Ndinakhala.

Lachitatu mtima unabwereza mawu omwewo.
Ndinakhalanso, mano ali gwa.

Pano yatha miyezi isanu.
Ngati china chakula m'mutumu sindidziwa,
palibe wandisenda kuti aone.
Koma mawu aja oti nyamuka
akumveka patali masiku ano,
ngati munthu woitana ali tsidya la mtsinje wodzala.

Dzulo kusitolo ya mbewu
mnyamata anandikankhira kabokosi ka inki.
Ndinati: bwereke cholembera.
Mzere kumbuyo unang'ung'udza, wina anatsonya,
ine pang'onopang'ono,
zilembo zisanu ndi chimodzi
zopendekeka ngati chimanga chokunthidwa ndi mphepo.

Usiku ndinamuimbira Felizimina.
Anakuwa mpaka foni inanjenjemera m'khutu,
kenaka anati:
"Zikayamba kuphweka, malume, musakenso china."

Mwana ameneyu alibe chisoni.
Pakhoma pali kalata ya mkulu wanga ya ku Beira,
zaka zisanu ndi ziwiri chiyambanireni.
Ndayamba kuiyang'ana.