Kwa Sungeni, Amene Waona Nyumba ku Chilomoni

Wati waipeza, Sungeni:
zipinda zitatu, mpanda wogwa mbali imodzi,
mtengo wotsika ngati akungokupatsa.
Khala pansi. Foniyo ibwezere kaye m'chikwama.

Yanga yoyamba ndinaigula ku Manja mu Okutobala,
malata akulira ndi dzuwa, pansi pali gwa.
Dobadoba wake anali ndi tayi wofiira ndi mulu wa makiyi.
Anagogoda khoma nati, "Imvani, mayi, mwala weniweni."
Januwale atafika, madzi a m'phiri la Soche
analowera kukhitchini osanena odi,
natulukira pabalaza,
matumba anga asanu a simenti atasanduka miyala yeniyeniyo.
Ndiye nyumba ukaione mvula ikugwa.
Uvule nsapato, uzungulire kuseri,
uone kumene madzi anazolowera kudutsa.

Kwa mwini wake usathamangireko.
Yamba wagula tomato kwa mayi wa pabenchi patsidya pa msewu,
lero, mawa, mkuja, osanenerera.
Tsiku lachinayi adzayamba yekha:
malemu anasiya ana kwa akazi awiri,
wamkulu ali ku Joni,
sakudziwa kuti kwawo kuli pamsika.
Ine ndinazimva mochedwa zimenezo,
nditapenta kale, matailosi akuwala,
mnyamata wina ataima pageti ndi chikwama cha paulendo
akufunsa chimene ndikufuna m'chipinda cha bambo ake.

Za mapepala usatume munthu, ngakhale mlamu wako.
Pita wekha ku ofesi ya malo,
ukhale pamzere mpaka msana udandaule.
Dzina la papepala likhale la dzanja lolandira ndalama.
Ufunsenso kukhonsolo, ufunse za mita ya madzi,
pakuti ngongole sikwera lole ya katundu,
imatsala m'nyumba ngati mphemvu m'kabati.

Loweruka m'mawa ubwere ku Limbe,
kuseri kwa hadiweya ya khonde la buluu.
Timakhala pa zidebe za penti, tiyi ali m'fulasiki.
Udzaona Che Ajasi, salankhula kawiri,
amakwera kudenga ndi msomali umodzi,
akabaya mtanda n'kumva fofofo
amatsika akupukusa mutu: chiswe chadya kale phindu lako.
Udzaona Filesi wa mapaipi, mkazi wamfupi,
amene amamva kudontha kwa madzi mkati mwa khoma.
A Likaomba a lole ya mchenga ndi achilungamo m'mawa;
ikakwana thuu koloko usawapatse ndalama.
Manambala awo ulembe m'kope, osati m'foni mokha,
foni imabedwa pa Wenela.

Mmisiri umulipire khoma likaima, osati akalonjeza.
Ndipo usakonde nyumbayo, mwana iwe,
si yako, ukungoisambitsa kuti ikakwatiwe.
Ine ndinaikamo bafa la ku Namiwawa m'nyumba ya ku Bangwe,
wogula anafunsa za thanki ya madzi basi,
bafalo sanaliyang'ane n'komwe.

Phindu?
Yoyamba inandidya. Yachiwiri inandibwezera yangayanga.
Yachitatu ndiyo inalipira fizi ya Tereziya chaka chonse,
n'kutsala ya nsapato izi.

Mnyamata wa pageti uja dzina lake ndi Dayitoni.
Tinakokana kukhoti zaka ziwiri,
mpaka tonse tinatopa, tinagawana.
Tsiku lomaliza anandipempha kulowa kukhitchini,
anandionetsa pafelemu ya chitseko
timizere ta mpeni pomwe bambo ake ankamuyeza msinkhu.
Ndinali nditapakapo penti kawiri, koma tinkaonekabe.
Ku Joni anaphunzira zamagetsi.
Lero nyumba zanga zonse mawaya amaika ndi iyeyo,
ndipo asanagwire waya
amayamba wafunsa anthu oyandikana nawo kuti muno munkakhala ndani.

Nambala yake ndi iyi. Lemba.
Mitambo yakuta ku Michiru,
tenga ambulera, tikaione nyumba yakoyo tsopano lino.