Olimpiki ya pa Makwerero

Pa kanema dzuwa likuswa mtengo,
othamanga akudzithira madzi m'mutu.
Kuno ku Valparaíso ndi Ogasiti,
mphepo ya kunyanja ikulowera pansi pa chitseko,
ndipo Rayén wati nayenso akufuna muuni.

Tinaupanga ndi katoni ya nsapato za bambo ake
ndi pepala lofiira lotsala pa Khirisimasi.
Moto unalibe.
Rayén anati ukuyaka,
ndipo Nahuel anabweza dzanja kuopa kupsa.

Nyumba yathu ili pa sitepe ya 112 kuchokera kumsewu.
Ndinaziwerenga ndili ndi pakati, kawiri konse.
Lero ana azisandutsa bwalo la masewera.

Rayén anatenga mbendera ya dziko lathu, palibe zokambirana.
Nahuel anasankha dziko lina la kutali
chifukwa choti pambendera yake pali mbalame.
Msuweni wawo Amaro, amene sagonjera munthu,
anayambitsa dziko lakelake,
likulu lake pansi pa tebulo,
nyimbo ya fuko yokhala ndi liwu limodzi lokha
lomwe sindingalibwereze pano.

Mamendulo anali zivindikiro za mabotolo a jamu.
Ndinazipaka utoto wa m'zikhadabo,
ndikuziboola ndi msomali, ndikulowetsamo zingwe za nsapato.
Zagolide zinali zitatu basi.
Ndinadziwa kuti pakhala kulira.

Mpikisano wa dzira pa supuni tinachita ndi mbatata,
mazira akwera mtengo.
Onyamula zolemera ananyamula matumba awiri a mpunga
omangidwa ku ndodo ya tsache,
nkhope atakwinya ngati amuna a pa kanema aja.
Kusambira kunachitikira pa kalipeti,
mimba pansi, miyendo phiriphiri,
galu wathu akuuwa m'mbali ngati mphunzitsi wokwiya.

Kenako mpira.
Ndinawauza kuti mpira ayi, osati paphiri pano.
Amaro anaumenya kamodzi kokha.
Tinaima tonse kuumvetsera ukutsika,
du, du, du,
kudutsa khomo la Doña Clorinda,
kudutsa khoma lojambulidwa nsomba,
kulunjika kudoko komwe sitima zimaoneka ngati zoseweretsa.
Nahuel anayamba kulira mpira usanafike pansi.

Patapita nthawi tinamva wina akutsokomola m'makwerero.
Anali Don Evaristo,
yemwe uja amagogoda khoma ana akaseka mokweza.
Anakwera masitepe onse, mpira uli m'khwapa,
akupuma ngati ketulo.
Ndinakonzekera kupepesa.

Iye anayang'ana mzere wathu wa choko nati,
wokhota uwu, amene wayambira kumanzere akubera.
Anaufufuta ndi nsapato, najambula wina.
Anatulutsa wezulo m'thumba la jekete,
yakale, ya dzimbiri,
sanatiuze kuti anaitenga kuti ndipo sitinafunse.

Anaimbira mipikisano yonse yotsala.
Amaro anamuchotsa kawiri chifukwa chonyamuka msanga.
Nahuel, amene anali womaliza pa chilichonse,
anamuika kutsogolo masitepe asanu,
ati malamulo amalola kwa mayiko a mbalame.

Mvula itayamba tinalowa.
Ndinakazinga timandasi ta dzungu, monga timachitira kukagwa mvula.
Opambana anaima pa mpando, pa ndowa, ndi pa buku lalikulu la mapu.
Mendulo yachitatu yagolide Rayén sanaipereke kwa aliyense wa iwo.
Anakwera pa mpando kuti afikire khosi la Don Evaristo.
Mkuluyo anati zachibwana izi,
koma anatsika nayo kwawo ili pachifuwa,
ikugunda mabatani a jekete.

Bambo awo afika usiku kuchokera kudoko,
akununkha mchere ndi dizilo.
Afunsa kuti wapambana ndani.
Ana agona pa kalipeti, m'dziwe lawo losambira lija.
Ndawaikira chakudya.
Mbatata imene akudyayo, sakudziwa,
yagwa kasanu lero, ndipo inamaliza yachiwiri.